Kope Limene Ndinasiya Pabenchi

Ndinayamba kulemba m'kope chaka chimene tinafika ku Cape Town kuchokera ku Balaka, ndili Giredi 8. Ndinkalemba m'Chichewa chifukwa ndinkakhulupirira kuti kuno palibe angawerenge. Kusukulu anzanga amalankhula Chixhosa ndi Chingerezi. Mnzanga wina anayesapo kuwerenga kope langa mokweza, anafika pa liwu lachitatu lilime litakana, n'kundibwezera akuseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalisiya paliponse, padesiki, pampanda, lotsegula. Kunyumba kokha ndi kumene ndinkalibisa pansi pa matiresi, chifukwa amayi amawerenga.

Timakhala ku Imizamo Yethu, chakumtunda, m'nyumba yamalata ya zipinda ziwiri: amayi, achemwali anga ndi ine. Amayi amagwira ntchito yam'nyumba kwa banja lina ku Hout Bay. Achemwali amandiposa zaka zisanu. Amaphunzira pa koleji ina kufupi ndi Maitland, ndipo ndi oponya zigoli m'timu ya mpira wamanja ya kolejiyo. Mpirawo anauphunzirira kwathu, pabwalo lafumbi, golo yake ili mkombero wa njinga wokhomedwa pamtengo wa bulugamu. Kuno kwawavuta zinthu zambiri: kuzizira, Chingerezi cha aphunzitsi othamanga kamwa, anthu ofunsa kuti mubwerera liti kwanu. Koma akagwira mpira pansi pa golo, palibe amawafunsa za kwawo. Ndikaona achemwali akuseka ndi mano onse, ndiye kuti ali m'bwalo.

Timuyo ili ndi mwambo wake. Masewero amakhala Loweruka, ndiye Lachisanu masana onse amakumana pamasitepe a kuseri kwa holo n'kulukana tsitsi. Malukidwe ake ndi amodzi, mizere isanu ndi umodzi yopita kumbuyo, yothina kuti isamasuke pothamanga. Aliyense ali ndi wake womuluka. Wolukayo amakhala pasitepe yapamwamba, wolukidwa amakhala yapansi pakati pa mawondo a mnzake, mutu atautsamiritsa pantchafu. Akamaliza amasinthana. Amene anayambitsa sakudziwika, koma lamulo lake aliyense amalidziwa: wosalukidwa ndi mnzake wam'timu salowa m'bwalo. Munthu mmodzi yekha ndiye salukidwa, akaputeni, mtsikana wamtali wa ku Eastern Cape amene amameta mpala. Iwo amangozungulira ndi chowengera zikhadabo, chifukwa woimbira mpira amayang'ana zala za aliyense masewero asanayambe.

Lachisanu timaweruka msanga, ndiye amayi anakonza zoti ndizikwera takisi kupita kukoleji, tizibwerera limodzi ndi achemwali. Ndinkakhala pabenchi pafupi ndi masitepewo, kuchita homuweki, ndikatopa n'kutulutsa kope.

Wolukana ndi achemwali anali mtsikana wa ku Harare, wotchinga kumbuyo. Ine ndinkawatchula asisi a ku Harare. Pokonzekera masewero iwo ndi amene ankatchinga achemwali, ndiye sabata yonse ankapondana ndi kugundana zigongono, Lachisanu n'kugonekana mitu pantchafu. Ankalankhula Chingerezi ndi Chishona basi. Ife tinkawajeda pamaso pawo osaopa.

"Taonani masokosi a lerowa, achemwali. Limodzi lalitali, linalo lalifupi."

"Asiye, mwina linalo likukula."

Iwo ankangoweramitsa mutu, ife n'kumati tsitsi likuwawa.

Lachisanu lina, chaka chatha, sitinalunjike kokwerera takisi. Achemwali ananditengera ku Maitland, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yokonzera matayala. Tinapezamo mtsikana wophunzira za unamwino, wamfupi, wamagalasi. Anatiphikira tiyi, anandifunsa za masamu, anandionetsa njira yachidule yowerengera imene ndikugwiritsabe ntchito. Tikutsanzikana anachotsa kaulusi pakolala ya achemwali, koma dzanja lake linachedwa kuchoka.

Tili panjira achemwali anandifunsa, "Wamuona bwanji?"

"Ndi munthu wabwino."

"Si mnzanga wamba, iwe. Ndimamukonda. Ukundimva? Amayi sakudziwa. Ndauza iwe wekha."

Ndinagwedeza mutu, koma mkati ndinasokonezeka. Za akazi okondana okhaokha ndinkazimva pawailesi ndi paguwa, ndipo mawu ake sanali abwino. Ndinkaganiza kuti anthu otere ali kutali, ndipo ndi oopsa. Sindinkaganiza za munthu amene ndimagona naye bedi limodzi, amene amandilanda bulangete, amene anandibereka kumsana kuwoloka nane mtsinje popita kusukulu. Popeza ndinalibe womuuza, ndinauza kope. Ndinalemba masamba atatu. Ndinalemba za chipinda chija, za kaulusi, mawu onse a achemwali, ndi mafunso amene ndinkafunsa Mulungu.

Patapita masabata awiri ndinali pabenchi paja, njala itandigwira. Ndinasiya kope lotsegula monga mwa masiku onse n'kupita kugeti kukagula magwinya, mandasi akuno. Pobwera ndinapeza asisi a ku Harare ataima pabenchipo. Anali atamaliza kulukidwa ndipo anabwera kudzatenga botolo lawo la madzi. Kope langa linali m'manja mwawo, milomo ikuyenda.

Sindinachite mantha. Ndinati akuyesa ngati mnzanga uja, atopa okha.

Anadzutsa mutu. "Iwe," anatero, "izi n'zoona?"

Funsolo sindinalimve msanga. Chimene ndinamva ndi Chichewa. Chinali ndi kakamvekedwe ka Chishona, koma chinali Chichewa. Magwinya anandizizirira m'manja.

Pambuyo pake ndinadzamva mmene zinakhalira. Agogo awo aamuna anachoka ku Ntcheu kukagwira ntchito ku Zimbabwe, osabwereranso. Iwo anakulira ku Harare, m'tchalitchi cha anthu ochokera ku Malawi, ndipo kuwerenga Chichewa anaphunzirira m'buku la nyimbo. Koma kusukulu ankanyozedwa kuti ndi obwera, opanda mudzi wopitako pa Khrisimasi, ndiye anaphunzira kubisa. Atafika kuno anangopitiriza kubisako. Zonse za masokosi ankazimva.

Tsiku limenelo anangoika kope pabenchi n'kuchoka. Ine ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa kusiya kopelo: achemwali sindinawauze. Ndinati mwina ziiwalika. Loweruka anasewera bwinobwino, mtima wanga unayamba kutsika.

Lachiwiri achemwali anafika kunyumba amayi asanaweruke. Sanavule ngakhale chikwama.

"Kope lako lili kuti?"

Ndinalitulutsa pansi pa matiresi. Anawerenga masamba atatu aja ataimirira pakhomo, mphepo ikugwedeza malata.

"Walemba bwino," anatero, n'kundibwezera.

Akanandimenya zikanakhala bwino.

Kenako anakhala pabedi n'kundifotokozera, mawu ali pansipansi. Asisi a ku Harare sanalengeze kwa aliyense. Lamulungu anauza munthu mmodzi, mtsikana wam'timu yomweyo amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi, ati apempherere limodzi. Pofika Lachiwiri timu yonse inali itamva. Achemwali atalowa m'chipinda chosinthira zovala, phokoso linatha. Awiri anatembenukira kukhoma povula. Wa kutchalitchi uja ananyamula chikwama chake kukasinthira kuchimbudzi. Wina wosewera pakati, wobadwira konkuno, anati, "Nanga ndiye chiyani? Azakhali anga ali ndi mkazi, anachita ukwati, tinadya keke." M'bwalo mpira unkachedwa kufika kwa achemwali, ngati woponyayo akuyamba waganiza. Asisi a ku Harare ankawatchinga ataima patali, osawakhudza. Nkhaniyo inali itafikanso kwa anyamata a timu ya mpira wamiyendo. Anaima kumpanda, wina anakuwa kuti achemwali angosowa mwamuna weniweni, anzake n'kuseka.

"Anyamatawo sindikuwadandaula," anatero achemwali. "Agalu a kumpanda. Koma Lachisanu likubwera. Ndikakhala pasitepe paja ndi chipeso changa. Akapanda kukhala munthu pamapazi anga, ndibweza yunifolomu. Sindingapemphe munthu kuti andigwire mutu."

"Akaputeni atani?"

"Sananene kanthu."

Anachapa nsapato zawo za mpira, zitauma anazikulunga m'jumbo n'kuziika pamwamba pa kabati. Sanachitepo zimenezo. Nsapatozo zimakhala pakhomo, amayi amakhalira kupunthwa nazo.

Ndinkafuna kuwotcha kopelo, koma kwathu kuno munthu suyatsa pepala mwachisawawa. Nyumba n'zogundana, ndipo tonse tinaonapo zimene moto umachita. Ndinang'amba masamba atatu aja n'kuwaviika m'beseni la madzi ochapira mpaka inki inasungunuka. Sizinathandize aliyense. Mawuwo anali atatuluka kale.

Lachisanu ndinatuluka m'kalasi belu likulira. Ndinafika kukoleji achemwali akadali m'kalasi. Asisi a ku Harare ndinawapeza pampopi wa pafupi ndi bwalo, akudzaza botolo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'takisi, koma nditawaona onse anabalalika. Ndinangochita zimene amayi anandiphunzitsa kuchita ukafuna kupempha chinthu chachikulu kwa wamkulu. Ndinagwada pasimenti yonyowa, ndili mu yunifolomu ya sukulu, anthu akudutsa.

"Iwe! Dzuka! Anthu akutiona!"

"Asisi, wolakwa ndine. Achemwali sanakulakwireni kanthu."

"Ndati dzuka."

"Akuti mukapanda kukhala pamapazi awo asiya mpira. Alibenso china kuno, asisi."

Anandigwira pamkono n'kundidzutsa ndi mphamvu, maso ali kwina. Anandipukuta mawondo ndi thaulo lawo, mwaukali, ngati akutsuka mphika.

"Ukuganiza kuti ine ndikugona?" anatero. "Ndinauza munthu mmodzi. Mmodzi! Ndimati tipemphere."

"Ndiye mukhala?"

"Sindikudziwa. Usadzandigwadirenso, wamva? Kuno si kwanu."

"Kwathuko ndi kwanu komwe, asisi."

Ananyamula botolo n'kumapita.

Nthawi itakwana achemwali anabwera n'kukhala pasitepe yapamwamba, malo awo a masiku onse. Anaika chipeso ndi kabotolo ka mafuta pambali. Tsitsi anali atamasula kale, litaima ngati chisa. Ena anayamba kukhala awiriawiri, koma ankasiya mpata, moti mbali zonse za achemwali kunatsala simenti yokhayokha. Asisi a ku Harare anaima pansi penipeni ndi wa kutchalitchi uja, amene ankawauza mokweza kuti asadandaule, akamaliza mnzake awaluka iwo. Ine ndinali pabenchi, chikwama nditachikumbatira. Sindinapempherepo ngati tsiku limenelo, ngakhale sindinkadziwa ngati zimene ndikupempha n'zololedwa.

Panapita nthawi. Achemwali ankangotembenuza chipeso m'manja. Wosewera pakati uja anadzutsa mutu kangapo, koma anali atalukidwa kale theka, mnzake atamugwira tsitsi.

Akaputeni anatulukira ndi chowengera chawo. Anaima, anayang'ana masitepe onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anakwera n'kudziponya pakati pa mawondo a achemwali, mpala wawo ukuwala ndi dzuwa. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chixhosa, koma ndilemba m'chathu.

"Luka, sisi."

Achemwali anayang'ana mutuwo. "Ndiluke chiyani?"

"Haibo! Umafunsa? Mizere isanu ndi umodzi. Ndipo usakoke, khungu langa n'lofewa."

Wina anaphulika kuseka, enanso anatsatira. Achemwali anayesa kudzigwira koma mapewa anayamba kugwedezeka. Anatenga chipeso n'kuyamba kujambula mizere pampalapo, akaputeni akukuwa ngati akupweteka.

Kuseka kutachepa akaputeni analankhula osatembenuka, mutu uli pantchafu ya achemwali. "Ndakhala chete sabata yonse kuti ndione ngati muli ndi nzeru. Mutu uwu ndaugoneka apa, taonani, sunasinthe. Amene akufuna kusinthira kuchimbudzi asinthire konko, chimbudzi si changa. Koma mawa ndikaona mpira ukuchedwa kufika pagolo, wochedwetsayo akakhala pabenchi ndi mwana wa sukuluyu. Ndipo anyamata a kumpanda aja ndalankhula kale ndi kochi wawo."

Ine ndinkadziwa, ndipo achemwali ankadziwanso, kuti nkhani sinathe. Akaputeni alibe tsitsi, komanso kuluka sadziwa. Akadzuka pamenepo, mutu wa achemwali ukanakhalabe chisa.

Ndiye tinamva mapazi pamasitepe. Asisi a ku Harare anakwera pang'onopang'ono, akumasula mpango kumutu. Anaima kutsogolo kwa akaputeni.

"Chokanipo, akaputeni. Pamenepo ndi panga."

"Mwachedwa, mayi. Tili pamzere wachinayi."

"Chokanipo."

Akaputeni anadzuka akusisita mpala wawo, ati sanalukidwepo bwino chonchi. Asisi a ku Harare anakhala. Poyamba msana unali wowongoka ngati thabwa, mutu osaugoneka. Achemwali anayamba kugawa tsitsi. Popeza benchi ili pafupi, ndinamva zonse, ndipo zinali m'Chichewa.

"Ine sindikumvetsa zimenezi," anatero asisi a ku Harare. "Ndisakunamize. Ndinaphunzitsidwa zina, ndipo sindinaleke kuzikhulupirira."

"Sindinakupemphe kuti umvetse."

"Koma ndinalakwa kuwerenga. Ndinalakwanso kuulula. Undikhululukire."

Achemwali anamaliza mzere woyamba wonse asanayankhe. "Chaka ndi theka ukutimva, osanena?"

"Mumandiseka masokosi."

"Masokosiwo ndi oseketsadi."

"Aaa! Ukukoka dala!"

"Ndikoka. Khala chete."

Pofika mzere wachitatu mutu unali utatsamira pantchafu monga kale. Atasinthana, asisi a ku Harare anakhotetsa mzere wina kuseri kwa khutu la achemwali. Anafuna kuumasula, achemwali anakana. Ine ndinayang'ana kumbali chifukwa misozi inali itandipereka, ndipo akaputeni anandipeza choncho n'kundiwenga zikhadabo ngakhale sindisewera.

Titafika kunyumba amayi anagwira mutu wa achemwali n'kuutembenuzira kuwala. "Wakuluka ndani lero? Mzere uwu ngati njira ya woledzera." Achemwali anaseka, anatsitsa jumbo ija pamwamba pa kabati n'kubwezera nsapato pakhomo. Amayi anadandaula kuti ayambanso kupunthwa.

Loweruka timu yathu inagonja, koma mpira unkafika pagolo nthawi yake. Ngakhale wa kutchalitchi uja ankauponya molunjika. Mpaka lero amasinthira kuchimbudzi, ndipo amangopatsa achemwali moni wa pakamwa. Awiri aja analeka kutembenukira kukhoma patapita masabata angapo, popanda wowauza. Anyamata a kumpanda sanasiyiretu, koma tsopano akakuwa amayankhidwa ndi timu yonse, ndipo wosewera pakati uja ali ndi pakamwa poti munthu sungapirire. Mtsikana wa ku Maitland anabwera kudzaonerera masewero kumapeto kwa chaka. Anakhala nane pabenchi, magalasi akuchita nthunzi ndi kukuwa. Ena anamupatsa moni, ena ayi.

Ndimaganiza kawirikawiri za akaputeni ndi asisi a ku Harare. Akaputeni analibe chowavuta mumtima, chawo chinali kungosankha nthawi, ndipo ndimawathokoza chifukwa anasankha kuseketsa anthu m'malo mowachititsa manyazi. Asisi a ku Harare ndiye anakwera masitepe aja atasenza zonse zimene anaphunzitsidwa, mnzawo wa kutchalitchi akuwayang'ana kumsana. Sanasinthe chikhulupiriro tsiku limenelo, ndipo sanayerekeze kunama kuti asintha. Anangobwera kudzakhala pamalo awo. Kale ndinkaganiza kuti munthu amayamba wamvetsa kenako n'kuchita chabwino. Kwa iwo chinayamba ndi kuchitako. Kwa ine ndi chimodzimodzi: mafunso amene ndinalemba m'masamba aja ena sanayankhidwe, koma bulangete tikulandanabe ndi achemwali.

Amayi sanauzidwe. Nkhaniyo ndi ya achemwali, adzainena okha akadzakonzeka, ndipo ndaphunzira movutikira kuti si yanga. Ndili ndi chiyembekezo, chifukwa tsiku lina amayi anafunsa ngati mnzawo wa achemwali wa ku Maitland uja amadya mokwanira, n'kumutumizira chigumu.

Asisi a ku Harare masiku ano amalankhula nafe Chichewa poyera. Amandifunsa mawu amene mulibe m'buku la nyimbo, makamaka otukwanira woimbira mpira. Akufuna kudzaona ku Ntcheu. Masokosi sanasinthe.

Kope ndimalembabe, koma limakhala m'chikwama, zipi yotseka. Izi ndisanalembe ndinapempha kaye. Achemwali anawerenga atakhala pabedi, anandiuza kuti ndichotse mayina onse, ndipo ndachotsa. Anati ndiwonjezere kuti ngakhale anagonja Loweruka lija, iwo anaphonya kawiri kokha. Ine ndinawerenga kanayi, koma ndalemba monga anenera.